Kompyuta ya pamkono ya madaiva: zoyenera kudziwa musanaikepo mpamba

Poiona koyamba imangofanana ndi wotchi yaikulu ya pulasitiki, ngati imene anyamata amakonda kuvala popita ku mpira. Ikapezeka m'thumba la katundu wakale wochokera ku Joni kapena pa tsamba la malonda la pa Facebook, wamalonda wosadziwa akhoza kuigulitsa pa mtengo wa wotchi wamba n'kutaya ndalama zambiri. Wina akhoza kulakwitsa mwa njira ina, yoopsa kuposa pamenepa: kugulitsa wotchi wamba kapena kompyuta yakufa kwa munthu wolowa pansi pa nyanja, munthuyo n'kubwerako ziwalo zitazizira.

Katunduyu ndi kompyuta ya pamkono ya madaiva, anthu amene amalowa pansi pa madzi atabereka silinda ya mpweya. Si katundu woyenda tsiku ndi tsiku ngati sopo kapena tomato. Ogula ndi ochepa, mtengo ndi wokwera, ndipo mpamba ukhoza kugona miyezi. Komabe kwa amalonda a m'mbali mwa nyanja ya Malawi, ndi ena amene amaoda zamagetsi ku Johannesburg, Dar es Salaam kapena pa intaneti, geniyi ilipo ndipo opikisana nawo ndi owerengeka.

Ogula ali kuti?

Nyanja ya Malawi ndi imodzi mwa nyanja zopanda mchere zimene madaiva a m'maiko ambiri amalakalaka kufikako. Chimawakoka ndi mbuna, tinsomba tamitundumitundu tokhala m'miyala. Paki ya Lake Malawi National Park idakhazikitsidwa mu 1980, ndipo mu 1984 bungwe la UNESCO lidaiika pa mndandanda wa malo ofunika pa dziko lonse kaamba ka nsombazi. Ku Cape Maclear, ku Nkhata Bay, ku Kande ndi ku Likoma kumapezeka malo ophunzitsa ndi kuperekeza alendo pansi pa madzi.

Alendo ambiri amabwera ndi zida zawo kapena amabwereka pa malo omwe afikira. Kotero kasitomala weniweni wa wamalonda wa kuno ndi wina: mnyamata wa kwa Chembe kapena wa ku Nkhata Bay amene waphunzira ntchito yoperekeza alendo ndipo akufuna chida chakechake, mwini loji amene akufuna makompyuta obwereketsa, ndi madaiva ogwira ntchito. M'gulu lomalizali muli ogwira mbuna zamoyo zotumiza kunja, malonda amene malemu Stuart Grant adatchuka nawo ku Senga Bay m'boma la Salima, komanso oyendera maukonde a makola a nsomba, okonza mabwato ndi ovuula katundu womira.

Madaiva ogwira ntchitowa ndiwo amafunikira kompyutayi kuposa wina aliyense, chifukwa amalowa kangapo pa tsiku, masiku otsatizana. Ena sabereka silinda, amapuma mpweya wochokera mu kompresa ya m'bwato kudzera m'paipi. Thupi silisiyanitsa. Ngozi yake ndi imodzimodzi.

Imagwira ntchito yanji?

Wogulitsa amene sangathe kufotokoza ntchito ya katundu wake amagulitsa movutika. Nkhani yake ili motere.

Mpweya umene anthu amapuma uli ndi okosijeni pafupifupi magawo 21 pa 100 alionse, ndipo wotsalawo pafupifupi wonse ndi nayitrojeni. Munthu akamatsika m'madzi, madzi amamupsinja. Pa mamita 10 kupsinjako kumakhala kuwirikiza kawiri kwa pamtunda, pa mamita 20 katatu, pa mamita 30 kanayi. Kupsinjaku kumakankhira nayitrojeni m'magazi ndi m'minofu. Akatsika kwambiri, kapena akakhalitsa, nayitrojeni amachuluka.

Vuto limadza pokwera. Botolo la Fanta likatsegulidwa pang'onopang'ono, mpweya umatuluka mwakachetechete. Likatsegulidwa mwadzidzidzi, thovu limasefukira. M'thupi la daiva wokwera mothamanga, kapena wokhalitsa pansi kupyola malire, nayitrojeni amasanduka tithovu m'magazi, m'mfundo ndi m'mitsempha ya msana. Matendawa madaiva amawatchula kuti bends. Amayamba ndi kuphwanya kwa mfundo, dzanzi, chizungulire, zidzolo kapena kutopa kodabwitsa, ndipo akhoza kupuwalitsa kapena kupha.

Kale madaiva ankadalira wotchi, geji yoyeza kuya ndi tebulo la manambala. Matebulo oyamba odalirika adakonzedwa ndi John Scott Haldane wa ku Scotland mu 1908. Tebulo la bungwe la PADI, limene ophunzira ambiri amalidziwa, limalola mphindi 56 pa mamita 18 ndi mphindi 20 zokha pa mamita 30, pa ulendo woyamba wa tsikulo, m'nyanja yamchere. Kompyuta imachita masamu omwewo yokha, mosalekeza, potsata kuya kwenikweni kumene daiva ali. Imodzi mwa zoyamba kugulitsidwa kwa anthu wamba, Orca Edge, idatuluka ku America mu 1983 ndipo idali yaikulu ngati njerwa yaing'ono. Za lero zimakwana pamkono.

Kompyuta yeniyeni imaonetsa zinthu izi: kuya kumene munthu ali, mphindi zimene wakhala pansi, mphindi zimene zamutsalira asanapyole malire, ndi liwiro limene akukwerera. Mphindi zotsalazo zimalembedwa pafupi ndi zilembo za NDL kapena mawu oti NO DECO. Makompyuta ambiri amalira daiva akamakwera mopitirira mamita 9 kapena 10 pa mphindi, ndipo amamuwerengera mphindi 3 zoima pa mamita 5 asanatulukire pamwamba. Akatuluka, imapitiriza kuwerenga nayitrojeni wotsala m'thupi kuti ulendo wachiwiri ukhale waufupi moyenera.

Chida chimene sichionetsa mphindi zotsalazo si kompyuta ya daiva, ngakhale chitakongola bwanji.

Nyanja ya Malawi ili ndi zofuna zake

Makompyuta ambiri amatuluka m'fakitale atatcheredwa kuti akagwire ntchito m'nyanja yamchere, monga ku Pemba kapena ku Zanzibar. Nyanja ya Malawi imasiyana ndi imeneyo pa zinthu ziwiri, ndipo wamalonda wodziwa ziwirizi amaposa anzake.

Choyamba, madzi ake alibe mchere, choncho ndi opepukirapo ndi magawo pafupifupi 3 pa 100 alionse. Kompyuta yotcheredwa pa madzi amchere imaonetsa mamita 29 pamene daiva ali pa mamita pafupifupi 30. Kusiyanaku n'kochepa, ndipo masamu a nayitrojeni sasokonekera chifukwa kompyuta imawerengera kupsinja kwa madzi, osati mamita. Komabe kompyuta yolola kusankha pakati pa madzi amchere ndi opanda mchere, monga Mares Puck Pro kapena Shearwater Peregrine, imapereka kuya kolondola.

Chachiwiri ndicho chachikulu. Nyanjayi ili pamwamba ndi mamita pafupifupi 470 kuchokera pa mlingo wa nyanja yamchere. Malinga ndi maphunziro a madaiva, malo alionse opitirira mamita 300 amawerengedwa kuti ndi okwera. Mpweya wa pamalo okwera ndi wopepuka, kotero daiva akatulukira pamwamba, nayitrojeni amafuna kutuluka m'thupi mwamphamvu kuposa mmene akadachitira ku Beira. Malire a mphindi amafupikirapo.

Makompyuta ena, monga a Shearwater, amayeza okha mpweya wa pamalopo n'kudzikonza. Ena amafuna kuti munthu atchere yekha. Pa Suunto Zoop Novo, mwachitsanzo, gawo loyamba limathera pa mamita 300, lachiwiri limayambira pa 300 kufika pa 1,500. Ndiye kuti pa nyanja ya Malawi iyenera kukhala pa gawo lachiwiri. Makampani ena amadula magawo awo mosiyana, choncho buku la malangizo la kompyuta iliyonse ndilo limalamula. Mabukuwa amapezeka ulere pa masamba a intaneti a makampaniwo, ndipo wogulitsa wanzeru amasindikiza tsamba limeneli n'kupereka pamodzi ndi katundu.

Palinso nkhani ya msewu. Daiva akatuluka m'madzi ku Nkhata Bay n'kukwera minibasi ya ku Mzuzu, pakangotha ola limodzi kapena kupitirirapo pang'ono amakhala ali pa mamita oposa 1,200. Wochokera ku Cape Maclear wodzera ku Golomoti n'kukwera Khwekhwerere amakafika ku Dedza pa mamita oposa 1,500. Lilongwe ili pa mamita oposa 1,000. Kukwera chonchi thupi lidakali ndi nayitrojeni kuli ngati kukwera ndege. Bungwe la Divers Alert Network limalangiza kudikira maola osachepera 12 munthu akalowa kamodzi, ndi maola 18 akalowa kangapo kapena masiku otsatizana, asanakwere ndege. Kompyuta yabwino imaonetsa kachithunzi ka ndege ndi maola otsala. Kwa kasitomala wa kuno, kachithunzi kameneka kamanenanso za minibasi yokwera phiri.

Mitengo ili m'magulu atatu

Katunduyu sapangidwa m'dziko muno, choncho mtengo wake umayambira pa dola kapena randi. Mitengo ili m'munsiyi ndi ya zatsopano m'masitolo a kunja, isanaphatikizidwe ndi mayendedwe ndi msonkho, ndipo imasinthasintha.

Gulu loyamba ndi la pakati pa madola 200 ndi 350. Muli Suunto Zoop Novo ya ku Finland, Cressi Leonardo ndi Mares Puck Pro za makampani a ku Italy, komanso Aqualung i300C. Galasi lake ndi la manambala akuda aakulu, lopanda mitundu. Ndi zolimba, ndipo ndizo malo ambiri ophunzitsira amabwereketsa. Zimakwanira daiva aliyense wosapyola mamita 40, amene ndi malire a madaiva wamba. Wongomaliza kumene maphunziro oyamba amaloledwa mamita 18 okha, wa gawo lachiwiri mamita 30.

Gulu lachiwiri ndi la madola pafupifupi 450 mpaka 700. Muli Shearwater Peregrine ya ku Canada, imene idatuluka mu 2020 ndi galasi lowala la mitundu, ndi Garmin Descent G1 ya mu 2022, imene imavalidwanso ngati wotchi ya tsiku ndi tsiku. Izi zimakopa aphunzitsi ndi operekeza alendo amene amakhala m'madzi pafupifupi tsiku lililonse.

Gulu lachitatu limapyola madola 1,000. Muli Shearwater Perdix 2, Shearwater Teric ndi Garmin Descent Mk3i. Zimatha kuonetsa mpweya wotsala m'silinda kudzera m'kachipangizo kena kogulidwa padera pa madola mazana angapo, ndipo zimagwira ntchito ndi mipweya yosakaniza ya madaiva otsika kwambiri. Wamalonda wamng'ono asaikepo mpamba pa gulu ili pokhapokha kasitomala atalipiriratu.

Mtengo wokwera sutanthauza kuti daiva ndi wotetezeka kwambiri. Ya madola 250 ndi ya madola 1,500 zonse zimawerenga nayitrojeni. Zimasiyana pa njira ya masamu. Zambiri za Suunto, Mares ndi Cressi za gulu loyamba zimatsata njira ya RGBM, imene imachepetsa mphindi daiva akamalowa mobwerezabwereza. Shearwater ndi Garmin zimatsata njira ya Albert Bühlmann, dokotala wa ku Zurich amene adafufuzanso za kulowa m'nyanja za m'mapiri a ku Switzerland. N'chifukwa chake madaiva awiri ali limodzi amatha kuona mphindi zosiyana pa mikono yawo. Lamulo lake ndi loti onse atsate kompyuta imene yapereka mphindi zochepa. Kasitomala akabweza katundu ponena kuti "ikubera nthawi" poyerekeza ndi ya mnzake, nthawi zambiri chifukwa chake chimakhala chimenechi, osati kuonongeka.

Pafupifupi makompyuta onse a masiku ano amalolanso mpweya wa nitrox, umene uli ndi okosijeni wochuluka, kawirikawiri magawo 32 pa 100. Apa pali msampha. Kompyuta ikasiyidwa pa 32 pamene daiva akupuma mpweya wamba, imamupatsa mphindi zambiri kuposa zimene thupi lake lingapirire. Isanachoke pa kauntala iyenera kuonetsa 21 kapena mawu oti AIR.

Batire ndiye mtima wa geniyi

Funso loyamba la wogula wa ku Likoma kapena ku Usisya lisakhale la mitundu ya galasi. Likhale loti: batire likatha, adzatani?

Pali mitundu itatu. Ina imagwiritsa ntchito batire lophwatalala ngati ndalama yachitsulo, limene mwini akhoza kusintha yekha. Zoop Novo ndi Puck Pro zimadya CR2450, pomwe Leonardo imadya CR2430. Manambalawa ali ndi tanthauzo: awiri oyamba ndi kukula kwa batire m'mamilimita, awiri omaliza ndi kuchindikala kwake. CR2450 ndi la mamilimita 24 m'mimba ndi 5 kuchindikala, CR2430 ndi la mamilimita 3 kuchindikala. CR2032, limene ladzaza m'misika, ndi laling'ono ndipo silingalowe m'malo mwa enawo. Kulikakamiza ndi kapepala kapena kuunjika awiri kumazimitsa kompyuta daiva ali pansi.

Mtundu wachiwiri ndi wotchaja, monga Peregrine ndi mawotchi a Garmin. Ndi wabwino kwa amene ali ndi magetsi kapena sola, koma tchaja yake ndi yapadera. Yakale yopanda tchaja itsike mtengo kwambiri. Perdix ili payokha chifukwa imadya batire limodzi la AA, lopezeka m'golosale iliyonse. Mtundu wachitatu ndi wa makompyuta amene batire lake limasinthidwa ndi akatswiri okha. Kwa kasitomala wa kuno zikutanthauza kutumiza kunja, choncho ndi bwino kuwapewa.

Posintha batire pamasinthidwanso kampira kozungulira kotchinga madzi, kamene amakatchula kuti O-ring. Kampiraka kakakalamba, kakapindika kapena kakagwira kamchenga, madzi amalowa ndipo kompyuta ya madola 300 imafa tsiku lomwelo. Wokonza mawotchi wa mumsika amene amatsegula ndi mpeni n'kubwezera kampira kakale asapatsidwe katunduyu.

Apa ndi pamene pali ndalama yoyenda. Kompyuta imagulidwa kamodzi pa zaka zambiri, koma batire, kampira, lamba ndi kapulasitiki kotchinjiriza galasi zimafunika chaka ndi chaka. Wamalonda wa mpamba wochepa akhoza kuyamba ndi tinthu timeneti: mabatire a makampani odziwika monga Panasonic, Energizer kapena Renata, oonetsa tsiku lothera mphamvu, ndi timapaketi ta batire ndi kampira ta mitundu imene madaiva a m'dera lake ali nayo kale. Kuzungulira m'maloji n'kufunsa mitundu imene akugwiritsa ntchito sikulira ndalama.

Galasi, mabatani ndi lamba

M'nyengo ya mvula mitsinje imathira matope m'nyanja, ndipo mwera wa pakati pa Meyi ndi Ogasiti umavundula madzi. Daiva amafuna manambala aakulu ooneka pamalo amdima. Ogula ambiri opitirira zaka 40 amasankha kompyuta yaikulu kusiyana ndi yaing'ono yonga wotchi, chifukwa cha maso.

Leonardo ndi Puck Pro zili ndi batani limodzi, Zoop Novo ili ndi anayi. Batani limodzi limachepetsa malo olowera madzi koma limatopetsa potchera. Mabatani ambiri amafulumiza. Wogula ayese yekha kusintha gawo la kukwera kwa malo ali pa kauntala. Zikamukanika pamtunda, m'bwato sizidzatheka.

Lamba akhale wofewa, wopanda ming'alu. Nyanja ya Malawi imafika mamita pafupifupi 700 kuya kwake, ndipo kompyuta yoduka lamba pa malo akuya sibwerera. Madaiva ambiri amaika zingwe ziwiri zotanuka m'malo mwa lamba, kuti chimodzi chikaduka china chigwire.

Zakale: poyang'ana asanapereke ndalama

Makompyuta ambiri amene amafika m'manja mwa amalonda ang'onoang'ono ndi ogwiritsidwapo kale ntchito. Ena amasiyidwa ndi alendo pobwerera kwawo, ena amaodedwa ku South Africa. Yakale yabwino ilipo, koma kuona maso a nkhono n'kudekha.

Ikayatsidwa pamtunda, kuya kuonetse 0.0. Ikamaonetsa mita imodzi kapena iwiri ili youma pa tebulo, kachipangizo koyeza kupsinja kadaonongeka, ndipo kukonza kwake kumaposa mtengo wa kompyutayo. Imeneyo isagulidwe pa mtengo uliwonse.

Pansi pa galasi pasakhale nkhungu kapena timadontho. M'chipinda cha batire musakhale dzimbiri loyera kapena lobiriwira. Manambala onse aoneke athunthu, chifukwa 8 wosowa kamzere kamodzi amaoneka ngati 9, 6 kapena 0. Batani lililonse libwerere lokha likadinidwa, ndipo belu lilire.

Kompyuta imasunga mbiri ya maulendo ake: kuchuluka kwake, kuya kwambiri kumene idafikako ndi maola onse a m'madzi. Wogulitsa akamati idangolowa kawiri pomwe mbiri ikuonetsa maulendo 600, mtengo ukambidwenso. Mbiri ikaonetsa kuya kosatheka, ngati mamita 90 pa kompyuta ya wophunzira, ndi chizindikiro china choti kachipangizo koyeza kali ndi vuto.

Kuiviika m'ndowa sikutsimikiza kanthu, chifukwa makompyuta ambiri amayamba kuwerenga akapitirira mita imodzi. Mayeso enieni ndi kupempha mphunzitsi wa madaiva kuti alowe nayo atavalanso yake yodalirika, n'kuyerekeza kuya pa mamita 5, 10 ndi 18. Ndalama yomulipira ndi yochepa poyerekeza ndi mlandu umene ungabwere.

Nambala ya fakitale ya kuseri ioneke bwino. Yofufutidwa, kapena kompyuta yobwera ndi munthu wosadziwa n'kuyatsa komwe pa mtengo wozizira modabwitsa, kawirikawiri ndi yobedwa kwa mlendo. Kulandira katundu wakuba ndi mlandu pa malamulo a dziko lino, ndipo madaiva a m'mbali mwa nyanja amadziwana. Wogula alembe dzina ndi nambala ya chiphaso cha womugulitsa, ndipo asunge lisiti.

Wotchi wamba si kompyuta

M'misika ya Limbe, Lilongwe ndi Mzuzu mwadzaza mawotchi olembedwa 30M kapena 50M kuseri. Manambalawa amachokera ku mayeso a m'fakitale a madzi osayenda. Wotchi ya 30M ndi yongopirira mvula ndi kusamba m'manja. Wotchi yeniyeni ya daiva imatsata muyezo wa ISO 6425, imayambira pa mamita 100 ndipo imalembedwa mawu oti DIVER'S. Ngakhale imeneyo imangowerenga nthawi, siiwerenga nayitrojeni.

Chimodzimodzi mawotchi amakono otchipa amene amaonetsa kugunda kwa mtima ndi mauthenga a pa foni. Ena amajambulidwa pa bokosi ali m'madzi, koma alibe masamu a daiva. Alipo ochepa amene amagwiradi ntchitoyi, monga Apple Watch Ultra ya mu 2022, imene ndi pulogalamu ya Oceanic+ imafika mamita 40, koma pulogalamuyo imalipiridwa padera ndipo mawotchi otengera maonekedwe ake ndi ambiri pamsika. Kampani yosadziwika, yopanda buku la malangizo ndi yopanda adiresi, katundu wake asagulitsidwe kwa daiva.

Masamu a phindu

Kwacha idatsika mphamvu ndi magawo 44 pa 100 mu Novembala 2023, ndipo ndalama zakunja zakhala zikuvuta kupeza. Katundu wogulidwa pa dola n'kugulitsidwa pa kwacha patapita miyezi isanu ndi umodzi akhoza kubweza ndalama zosakwanira kuodanso wina. Mtengo wogulitsira uwerengedwe potengera ndalama zimene zidzafunike kuoda ina, osati zimene zidalipiridwa kale.

Mwachitsanzo, kompyuta yogulidwa pa madola 250 imaonjezekera mtengo ndi mayendedwe, ndalama ya wotumiza, msonkho wa pa chipata ndi VAT. Zonsezi zikakwana madola 110, katunduyo wafika pa 360 asanaikidwe phindu. Phindu la magawo 20 pa 100 likufikitsa mtengo pa madola 432. Kasitomala amene ali ndi mnzake wobwera pa ndege kuchokera ku Johannesburg adzayerekeza mtengowo ndi 250. Chimene chingamukope ndi chimene mnzakeyo sangamupatse: kompyuta yoyesedwa kale, yotcheredwa molingana ndi nyanja ino, batire lapadera m'thumba, lisiti, ndi munthu womubwerera zinthu zikavuta.

Msonkho weniweni ufunsidwe ku MRA katundu asananyamuke, osati atafika pa Mwanza, pa Dedza kapena pa Songwe. Chitsimikizo cha kampani, chimene kawirikawiri chimakhala cha zaka ziwiri, chimagwira ntchito pokhapokha katundu atagulidwa kwa wogulitsa wovomerezeka ndipo lisiti lilipo. Njira yosapha mpamba ndi kuoda kasitomala atapereka theka, mtundu ndi mtengo zitalembedwa papepala.

Posunga, kompyuta isayalidwe padzuwa pa benchi kapena kusiyidwa m'galimoto yotseka. Kutentha kumaononga galasi ndi timipira. Isayandikire petulo, parafini kapena mankhwala opopera udzudzu. Timabowo ta kachipangizo koyeza tisatokosedwe ndi singano kapena kupopedwa mpweya. Ikhale youma, chifukwa chinyezi chimaipusitsa kuti ili m'madzi n'kumaliza batire.

Kubwereketsa

Amalonda ena angaone kuti kubwereketsa pa tsiku kukubweza ndalama msanga kuposa kugulitsa. N'zotheka, koma pali lamulo losaphwanyika: kompyuta imodzi, munthu mmodzi. Imakumbukira nayitrojeni wa amene adaivala. Ikapatsidwa kwa wina masana, imamuwerengera za thupi la mnzake. Choopsa kwambiri ndi kupereka kompyuta yopuma kwa munthu amene walowa kale m'mawa popanda kompyuta, chifukwa imamutenga ngati alibe nayitrojeni. Munthu wotere adikire maola osachepera 24, ndipo mabuku a makampani ena amati 48.

Makompyuta ena amadzitseka daiva akaphwanya malire. A Suunto a gulu loyamba amakana kugwira ntchito kwa maola 48. Si kuonongeka, ndipo kuchotsa batire pofuna kuitsegula ndi kuika munthu pa ngozi. Wobwereketsa akaona zimenezi, afunse kaye za thanzi la amene adaivala.

Chimene sichili m'bokosi

Kompyuta siiphunzitsa munthu kulowa m'madzi. Wogula amene alibe chiphaso cha maphunziro a bungwe monga PADI, SSI kapena CMAS atumizidwe kaye kwa mphunzitsi, ngakhale ndalama ili m'manja. Iye sangamvetse manambala amene akuwaona, ndipo chida chimene sachimvetsa chimangomulimbitsa mtima kuti atsike kwambiri. Wogulitsa asalonjezenso kuti wovala kompyuta sangadwale. Imachepetsa ngozi, siithetsa. Kutopa, mowa wa dzulo, kusamwa madzi okwanira ndi kunyamula zolemera atangotuluka m'madzi, zonsezi kompyuta siziona.

Daiva akayamba dzanzi, kufooka kwa miyendo kapena kuphwanya kwa mfundo atatuluka m'madzi, agonekedwe, apatsidwe okosijeni ngati alipo, ndipo athamangire naye kuchipatala kompyuta ili pamkono, chifukwa mbiri yake imathandiza dokotala. Asabwezedwe m'madzi. Chithandizo chenicheni cha bends ndi chipinda chapadera chopsinja mpweya, chonga zimene zili m'mizinda ikuluikulu ya ku South Africa, ndipo ulendo wokafika kumeneko umadya ndalama zoposa mtengo wa makompyuta ambirimbiri.

Madaiva a nyanja ya Malawi ndi ochepa ndipo nkhani imawafika msanga, kuyambira ku Monkey Bay mpaka ku Nkhata Bay. Wamalonda amene wagulitsa kompyuta imodzi yoyesedwa bwino, yotcheredwa pa mpweya wamba ndi pa gawo loyenera la kukwera kwa nyanjayi, adzamuonanso kasitomala wakeyo chaka chamawa akudzagula batire, ndipo mwina atabwera ndi mnzake.